Nsambo zosalala pa gitala ya besi: zimayenera ndani, ndipo mugule ziti?

Mwezi wa Okutobala ku Lusaka kuno umapha nsambo. Ndinazionanso chaka chatha pa tchalitchi china ku Matero, kumene mwana wa mlongo wanga amaliza besi m'gulu loimba zotamanda. Malata anali atatentha ngati chiwaya, mafani awiri akungozunguza mpweya wotentha womwewo, iye thukuta lili kamukamu, likutsikira m'mikono mpaka ku zala. Mapemphero atatha anandipatsira gitala ija. Nditaliza nsambo yaikulu inangoti dii, ngati munthu wamenya chigubu chodzaza madzi. Kuiyang'anitsitsa, m'timizere take monse munali mutamatirira litsiro lakuda.

"Amalume, mawaya awa ndinagula mu Ogasiti momwemu, onani afa kale. Nanga anu osalala aja mumasintha liti?"

Ndinamuuza kuti amene ali pa besi yanga ndinawaika iye akadali ku sekondale. Anaseka poyesa ndikucheza. Sindinkacheza ayi, komanso sindinamuuze kuti athamangire kukagula. Nsambo zosalala, zimene pa paketi amalemba kuti flatwound, pali woimba amene zimamukomera mpaka kukalamba nazo, palinso wina amene akaziika Lolemba, pofika Lachisanu wayamba kale kulira ndalama zake. Ndiponso pakati pa zosalala zokhazokha pali kusiyana kwakukulu kumene ambiri sakudziwa mpaka atagula zolakwika.

Tengani nsambo imodzi yotha ntchito muimasule. M'kati mupezamo waya woonda wachitsulo, amene ndiye mtima wa nsamboyo. Waya ameneyu payekha ndi wopepuka, sangatulutse liwu la pansi limene timafuna pa besi, choncho opanga amamukulunga ndi waya wina kuti alemere. Nkhani yonse yagona pa waya wokulungayu. Akakhala wobulungira, nsambo imatuluka ndi timizere timene mumatimva mukayendetsapo chikhadabo. Zimenezi ndi zija amati roundwound, zomwe zimabwera pa besi zambiri zatsopano masiku ano. Akakhala wophwatalala ngati kalamba, m'mphepete mwake mumagundana osasiya mpata, kenako amapukuta pamwamba mpaka pati see. Chala chimangotsetsereka.

Tsono nsambo ikalizidwa situlutsa liwu limodzi. Pali liwu lalikulu la pansi, ndiye pamwamba pake pamakwera timawu tina tambirimbiri takuthwa, tija timachititsa besi ya nsambo zatsopano kumveka ngati ikuti ngwee. Nsambo yamizere imapindika mosavuta, motero timawu timeneti timakhalitsa. Yosalala ndi youmirapo, ndipo kalamba kaja kamakhulana kokhakokha nsambo ikamanjenjemera, ndiye timawu tapamwamba timazima msanga. Chotsala ndi kugunda koyamba kuja, du, ndi liwu lonenepa losachedwa kutsika. Kaphokoso ka tswii kamene kamamveka chala chikamasamuka pa nsambo yamizere kulibe, ndipo amene anajambulapo nyimbo mu situdiyo yam'nyumba akudziwa mmene kaphokoso kameneka kamasowetsera mtendere. Mafureti, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala tija, nawonso sadyeka msanga. Pa besi yopanda mafureti ndiye ubwino wake umaonekeratu ndi maso, chifukwa nsambo zamizere zimalemba mabala pa thabwa la khosi.

Chimene chimatikhudza kwambiri ife a kuno ndi litsiro. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala, thukuta la Okutobala, mafuta odzola m'manja, zonsezi zimalowa m'timizere tija n'kuuma momwemo, nsambo n'kufa. Ndiye chifukwa chake oimba ambiri amawiritsa nsambo mumphika. Litsiro limachoka, liwu limabwerera kwa masiku angapo, kenako basi. Pa nsambo yosalala litsiro lilibe polowera penipeni, mukangopukuta ndi kansalu zatha. Komanso timawu takuthwa tija ilibe kuchokera pachiyambi, ndiye palibe chambiri choti itaye. Ikakhala miyezi ingapo imakhazikika pa liwu limodzi, n'kukhala pomwepo zaka. Wina asakunamizeni kuti nsambo yamizere yakufa ndi chimodzimodzi ndi yosalala. Yakufa imalira mosadziwika bwino, simva kuchuna, ndipo mukakwera m'mwamba mwa khosi manotsi amasokonekera. Yosalala yokalamba imakhala ndi kugunda komveka bwino lomwe.

Achinyamata ambiri amaganiza kuti nsambo zosalala ndi zachilendo zimene zabwera posachedwa. Zoona zake n'zakuti ndizo zinayamba. Pamene wopanga magitala Leo Fender anatulutsa besi yamagetsi yotchedwa Precision Bass ku California mu 1951, inabwera ndi nsambo zosalala, popeza cholinga chinali choti ilowe m'malo mwa besi yaikulu yoimirira ija ndi kumveka mofanana nayo. Pa besi zakalezo ankaikanso chotsekereza pansi pa chivindikiro cha buriji, chitsulo chimene chimagwira nsambo pa thupi la gitala, kuti liwu lizime msanga. Besi yake ina ya Jazz Bass itabwera mu 1960 zinthu zinali choncho. Zinasintha cha mu 1966, pamene kampani ya Rotosound ya ku England inagwira ntchito ndi John Entwistle wa gulu la The Who pokonza nsambo zamizere za Swing Bass 66. Iye ankafuna besi yolira mowala ngati nsambo za piyano. M'zaka za m'ma 1970 zamizere zinafalikira, kaimbidwe komenya nsambo ndi chala chachikulu kanakula nazo limodzi, mpaka zosalala zinayamba kuoneka ngati za madala.

Koma nyimbo zambiri za kampani yojambula nyimbo ya Motown za m'ma 1960 zimene anthu amazikondabe, besi yake inalizidwa ndi James Jamerson ku Detroit pa nsambo zosalala za La Bella, zonenepa kwambiri, zimene sankazisintha pokhapokha itaduka. Ndipo kuti musaganize kuti zosalala ndi za nyimbo zofatsa zokha, Steve Harris wa gulu la Iron Maiden amaliza zosalala za Rotosound mwaukali, zikumenya pa mafureti kuti khwakhwakhwa. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amazisintha pafupipafupi zisanazime. Anthu awiriwa akutionetsa kuti dzina lakuti flatwound palokha silikuuzani liwu limene mupeze.

Apa ndi pamene ndimafuna kuti munthu akhazikike mtima, chifukwa cholakwa chachikulu cha ogula chili pa kukungika kwa nsambo. Pa paketi pamalembedwa manambala anayi, mwachitsanzo 45, 65, 85, 105. Amenewa ndi kunenepa kwa nsambo iliyonse, kuyambira ya G yoonda mpaka ya E yaikulu, ndipo amayezedwa m'magawo 1,000 a inchesi imodzi. Ndiye 45 ndi kupitirira pang'ono milimita imodzi, 105 ndi pafupifupi mamilimita 2.7. Munthu amene anazolowera 45 mpaka 105 zamizere amangoti nditenge manambala omwewo. Akaziika amadabwa kuti zala zikuwawa. Chifukwa chake n'chosavuta: m'nsambo yamizere muli timipata pakati pa waya wokulunga uja, pamene m'yosalala mwadzaza chitsulo chokhachokha. Kunenepa n'kofanana koma kulemera n'kosiyana, ndipo nsambo yolemera imafuna kukungidwa kwambiri kuti ifike pa notsi yomweyo. Onjezeraniponso kuuma kwake kuja. Dzanja limamva ngati lagwira waya wa mpanda.

Kukungika kumeneku sikuvutitsa zala zokha. Kumakoka khosi la gitala kuti lipindikire kutsogolo, nsambo n'kukwera patali ndi mafureti. M'kati mwa khosi muli chitsulo chachitali chimene amachitcha truss rod, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi kukoka kumeneku, ndipo besi yabwino mukachimanga pang'ono imawongoka. Koma besi zambiri zimene zili m'matchalitchi ndi m'mabandi athu ndi zotchipa kapena zogula kwa wina, zina chitsulo chija chinamangidwa kale mpaka pamapeto, zina mutu wake unadyeka ndi sipanala yolakwika. Besi yotere mukaiika nsambo za mtundu wa Jamerson, zija za 52 mpaka 110, mwaipha. Ine malangizo anga kwa woyamba ndi akuti atsike pang'ono pa manambala amene anazolowera. Ngati mumaliza 45 mpaka 105, yang'anani zosalala za 40 kapena 45 mpaka 100.

Mitundu yake ndi yambiri, koma imene mungakumane nayo kawirikawiri ndi yowerengeka, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake. La Bella, za ku New York, ndizo zili ndi liwu lachikale lenileni, lakuya, logunda ngati ng'oma yaikulu. Ndi zosalala kwambiri m'manja. Ali ndi zopepukirapo zotchedwa 760FL, za 43 mpaka 104, zimene khosi wamba limazipirira bwino. D'Addario Chromes ndi zowala, makamaka zikakhala zatsopano, moti munthu wochokera ku zamizere sadabwa kwambiri, koma ndi zolimba ndithu m'manja. Za 45 mpaka 100 ndizo ambiri amayambira. Fender 9050 ndi zachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo m'makutu anga zili pakati pa ziwirizi. Rotosound 77 zimakulungidwa ndi chitsulo chotchedwa monel, ndi zokungika zedi, zoyenera dzanja lolemera. Ernie Ball anapanga zosalala za cobalt zimene cholinga chake ndi kumveka pafupi ndi zamizere koma zili zosalala.

Ndiye pali Thomastik-Infeld za ku Vienna, ku Austria, zimene zili pazokha. Manambala ake ndi 43, 56, 70, 100, pakati pa mtima ndi kalamba wa nikelo amaikapo ulusi wa silika, ndipo ndi zofewa modabwitsa, kuposa ngakhale zamizere zambiri. Liwu lake lili pakatikati, limaimba m'malo mongogunda. Ndi zodula kwambiri. Amene amaliza mopepuka amazikonda, koma amene amakumba nsambo ndi mphamvu amaona ngati akuliza mphira, nsambo zikungomenya mafureti. Pa khosi lofooka, izi ndizo zachifundo kuposa zonse. Kuli zinanso zakuda zokutidwa ndi nailoni, zimene amati tapewound, zofewa ndi zakuya kwambiri, komanso zapakati zimene amayamba ndi waya wobulungira kenako n'kumupala pamwamba. Zapakatizi ine sindinazikondepo. M'manja zimamata, m'makutu sizidziwika kuti zili mbali iti.

Nkhani ya kutalika ndi yaifupi koma ndi imene imaliza anthu. Besi zambiri, kuchokera pa nati (kachidutswa kamene nsambo zimadutsapo kumutu kwa khosi) mpaka pa buriji, ndi mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86. Zazifupi ndi mainchesi 30, ndipo zina za nsambo zisanu ndi mainchesi 35. Nsambo yamizere ikatalika mumangodula, yotsalayo n'kukulunga pa chochunira, palibe vuto. Yosalala siilola zimenezo. Mbali yonenepa yosalala ija ikazungulira chochunira, kalamba kaja kamatseguka, nthawi zina nsambo n'kuduka pomwepo musanaimbe ndi nyimbo imodzi yomwe. Pa chochunira payenera kupita mbali yoonda ya kumapeto, imene nthawi zambiri imakutidwa ndi ulusi wofiira, wabuluu kapena wakuda. Ulusiwo suyeneranso kugwera pa nati. Choncho musanaitanitse, tengani tepi yoyezera, muyeze kuchokera pamene kampira ka kumapeto kwa nsambo kamakola mpaka pa nati, ndiponso mpaka pa chochunira cha E, kenako mufananize ndi zimene opanga alemba. Ngati besi yanu nsambo zimalowera kumbuyo kwa thupi, dziwani kuti zimapindika kwambiri pa buriji, ndipo zosalala zina sizipirira. A La Bella amachenjeza okha za zimenezi ndipo amapanga zina zapadera za besi zotere.

Ndikulimbikira pa kuyeza chifukwa kuno zosalala sizipezekapezeka. Mutha kuyenda m'masitolo a zoimbira mutauni n'kubwerako ndi zamizere zokha, ndiye ambiri timatuma wina wochokera ku Johannesburg kapena kuitanitsa pa intaneti. Paketi ikafika yolakwika, kubweza n'kovuta. Chenjeraninso ndi za gong'a. Mayina otchuka amaberedwa, ndipo paketi yotchipa modabwitsa ikuuzani yokha. A D'Addario amaika nambala pa kathumba kam'kati imene mutha kuitsimikiza pa webusaiti yawo.

Kuika kwake ndinaphunzira kwa mdala wina wokonza magitala cha ku Kamwala, m'kashopu kodzaza masipika ong'ambika. Tsiku limenelo ndinali nditatenga pulayala kuti ndidule nsambo yatsopano, iye anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, pinda kaye, udule pambuyo."

Anapinda nsambo ija pakona pamalo ofunika, kenako anadula kupitirira pang'ono popindapo. Anati ukadula osapinda, makamaka nsambo ya mtima wobulungira, chokulunga chija chimatha kumasuka, nsambo n'kufa isanabadwe. Anasintha imodziimodzi, osachotsa zonse pakamodzi. Poikulunga anaonetsetsa kuti isapotoke, ndipo atachuna anaidinikiza ndi chala chachikulu pafupi ndi buriji ndi pa nati kuti ikhale pansi bwino, popeza yosalala ndi youma, payokha imangopanga uta pamenepo. Kenako anadina nsambo pa fureti yoyamba ndi yomaliza, n'kusuzumira mpata wa pakati pa khosi, diso limodzi atatsinzina. Anamanga chitsulo cham'khosi gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira, anaiimika pakona, n'kundiuza kuti ndibwere mawa. Mawa lake ndi pamene anakonza manotsi a pa fureti ya 12 posuntha tizitsulo ta pa buriji. Anandiuzanso kuti ndibwerenso mvula ikayamba mu Novembala, chifukwa thabwa limene lauma miyezi yonse ya chilimwe limamwa chinyezi, khosi n'kusuntha.

Masabata oyamba musaweruze. Zosalala zatsopano zimamata zala, zina zimasiya zakuda m'manja chifukwa cha mankhwala opukutira ku fakitale, ndipo liwu lake limakhala ndi kachitsulo kosakoma. Pukutani ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi sipiriti, osakhudza penti ya gitala, kenako muzingoimba. Zimafuna mwezi kapena iwiri kuti zikhazikike. Ambiri amene amati zosalala n'zoipa anazichotsa nthawi imeneyi isanakwane.

Nanga ndani zimamuyenera? Woimba rege sindikayika n'komwe. Woimba nyimbo za m'buku ndi makwaya, amene ntchito yake ndi kuyala pansi kuti mawu a anthu akhalepo, zimamuyeneranso. M'matchalitchi athu a makoma a simenti ndi denga la malata liwu limazungulira nthawi yaitali, ndipo besi yochedwa kuzima imasanduka phala. Notsi yogunda n'kuchoka imathandiza kuti nyimbo imveke poyera. Kalindula, amene anachokera ku Luapula n'kudzaza dziko lonse m'ma 1980, amayendera besi yothamanga, yolankhula, ndipo maganizo anga ndi akuti zosalala zowalirapo, monga Chromes, zimamukhala bwino chifukwa notsi iliyonse imaima payokha. Ena adzatsutsa, ndipo ali ndi mfundo: pa sebene ya rumba, pamene magitala awiri ndi ng'oma zonse zayaka, kuluma kwa zamizere kumathandiza besi kuti isamire.

Amene zosalala zingamukhumudwitse ndi woimba gospo yamakono, ya nsambo zisanu, yomenya ndi chala chachikulu ndi kukoka nsambo kuti ithwanime. Kuthwanima kumeneko kumachokera ku timawu takuthwa tija, ndipo zosalala zilibe tokwanira. Nsambo yachisanu ya B, ikakhala yosalala, pa besi zambiri imangoti fuu osadziwika notsi yake.

Palinso nkhani ya ampu. Nsambo ya E imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi imodzi, ndipo sipika yaing'ono siingathe kutulutsa liwu lotsika chotero mokwanira. Chimene makutu amamva pa ampu yaing'ono ndi timawu tapamwamba pa notsiyo, ubongo n'kudzazitsa chotsalacho. Ndiye mukaika zosalala zakuya, n'kutsekanso toni ya pa gitala, kabatani kochepetsera timawu takuthwa kaja, n'kukweza besi pa ampu, mudzadzimva nokha pamene mwaimapo koma a kumbuyo kwa tchalitchi adzangomva kung'ung'udza. Wa kiyibodi akamalizanso manotsi a pansi ndi dzanja lamanzere ndiye mwasoweratu. Ndi zosalala, tsegulani toni, kwezani mawu apakati, besi ya pa ampu muichepetse. Zimaoneka zosemphana ndi nzeru koma yesani pa pulakatisi mudzamva. Chimodzi chimene sindingakubisireni: malaiti akapita, kuyeseza ndi zosalala popanda ampu kumagwetsa ulesi, chifukwa sizimveka kwenikweni. Zamizere zimakupatsaniko kaphokoso.

Pa ndalama, paketi ya zosalala imaposa ya zamizere wamba, nthawi zina kawiri kapena kupitirira. Koma munthu wa thukuta lambiri amene amagula zamizere kangapo pachaka, akawerengera zaka zitatu, aona yekha kumene ndalama ikupita. Choopsa n'chakuti mukalakwitsa kusankha, mwalakwitsa chinthu chodula chimene sichitha msanga. N'chifukwa chake ndimati musanagule, pezani munthu amene ali nazo, mubwereke besi yake pulakatisi imodzi yathunthu, ndi ng'oma ndi kiyibodi zili pompo. Kuliza muli nokha m'chipinda sikukuuzani kanthu.

Mwana wa mlongo wanga uja ndinamubwereka besi yanga milungu iwiri. Lamlungu loyamba, pa nyimbo zofatsa zoyambirira, mayi wina wa kwaya anatembenuka kuyang'ana kuti wasintha ndi ndani. Itafika nthawi ya zothamanga, pamene iye amakonda kumenya ndi chala chachikulu, ndinamuona akumenya kawiri, kuyang'ana ampu, kumenyanso, kenako n'kubwerera ku zala ziwiri nkhope itagwa. Pobweza anati, "Amalume, theka loyamba ndi zanu, theka lachiwiri ndi zanga." Besi ali nayo imodzi, ndiye anakhalabe pa zamizere, koma tsopano amayenda ndi kansalu m'chikwama ndipo amasamba m'manja asanaigwire. Tchalitchi chili ndi besi ina yakale ya nsambo zinayi imene inkangokhala kuseri kwa kabati, khosi lake lopindika pang'ono. Sabata yatha anabwera kudzabwereka tepi yanga yoyezera.